Mabowo asanu anandinamiza ku Chikangawa

A Mkonzi,

Ndine dalaivala wopuma. Ndayendetsa malole ndi mabasi zaka 31, ndipo msewu wa M1 kuchokera pa Songwe mpaka ku Lilongwe ndimaudziwa ngati njira ya kudimba kwanga. Ndayamba ndi kudzitama dala, kuti manyazi amene ndikufuna kuulula pano amveke kulemera kwake. Mwezi wa June chaka chino, tayala limodzi lokha linandikhazika m'nkhalango ya Chikangawa kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka, sipeya ili pambali panga, yopopa bwinobwino, koma yokana kulowa.

Galimoto yake ndi ya mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ya makompyuta mu Mzuzu muno. Anaiitanitsa ku Japan, inatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe monga zimachitira zinzake. Ndi Mazda RX-8 ya 2007, yofiira, yogwandira pansi ngati fulu, moti munthu wa msinkhu wanga asanalowemo amayamba wapepesa mawondo. Ndisaname, galimotoyo ndi yokoma. Injini yake si ya mapisitoni ngati zimene tinakulira nazo. Mkati mwake mumazungulira zitsulo ziwiri za makona atatu, ndipo ikakwiya imalira ngati njuchi zosokonezedwa mumng'oma. Petulo imamwa mosaumira, koma izo ndi za mwini wake ndi thumba lake.

Tsiku limene anabwera nayo ku Chibavi kudzandionetsa, ana a makomo oyandikana nafe anaunjikana kutsogolo kusirira magetsi. Ine ndinazungulira kumbuyo n'kuti, "Tatsegula buti." Ndinatukula kapeti, sipeya munalibe. Poyamba ndinkayesa kuti inasowa padoko, poti ndi kumene timathamangira kunamizira. Koma ayi, ngakhale dzenje lozungulira lija loikamo sipeya munalibe, kusonyeza kuti inatuluka chomwecho kufakitale. Chimene ndinapeza ndi kabokosi, mkati mwake muli kabotolo ka mankhwala omatira tayala ndi kapampu ka magetsi kolumikiza pa soketi yoyatsira ndudu.

"Malume, za sipeya ndi zachikale," anatero mnyamatayo. "Mumangothira mankhwalawa, n'kupopa, ulendo."

Ku Japan zimenezo n'zomveka. Akachotsa sipeya galimoto imapepuka, mafuta amapulumuka pang'ono, malo amapezeka, ndipo pa galimoto yothamanga ngati iyi pansi pake pamakhala pothinana kale ndi difu (chitsulo chogawira mphamvu ya injini ku matayala akumbuyo) komanso mapaipi a utsi. Misewu yawo ndi yosalala, ndipo ukaima panjira umaimba foni, wokukoka n'kufika. Mankhwalawo anawapangira kabowo ka msomali kosapitirira mamilimita 4, kobooka pansi pa tayala pamene pamaponda phula. Tayala likang'ambika m'mbali, mankhwala alibe nalo ntchito. Nanga kuno kwathu chimapha matayala ndi misomali kodi? Ndi maenje, ndi milomo ya phula yodyekadyeka m'mphepete mwa msewu, ndi miyala ya njira ya ku Nyika. Ndipo nditatembenuza kabotoloko ndinapeza kuti tsiku lake lothera mphamvu linadutsa mphwangayo akadali kusekondale.

Ndinamulalatira monga amachitira malume, ndipo pofuna kumuonetsa kuti mawu a akulu amakoma akagonera, ndinati sipeya ndikagula ndekha. Ndinapita kwa anyamata ena ogulitsa zipangizo za galimoto zophwasula. Ananditulutsira kasipeya kowonda kaja, ka rimu yachitsulo, n'kunena kuti kanachoka mu Toyota Altezza. Ndinawerenga mabowo: asanu. Ndinali nditatenga kapepala kamene ndinadindapo malo a mabawuti a Mazda ija, ndipo nditakayika pamwamba, mabowo onse anagwirizana. Ndinalipira, kusipeyako ndinakamangirira pa kabaza, ndine uyo kunyumba mtima uli m'malo. Mphwanga anafunsa kuti, "Tiyese kaye, malume?" Ine n'kuyankha kuti, "Iwe, ndinayamba kusintha matayala mayi ako asanakwatiwe." Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndinalitafuna ndekha.

Cholakwa chachiwiri chinali kaikidwe. Poti munalibe dzenje lake, sipeyayo tinangoigoneka m'buti, jeki ndi wilusipana pambali pake. M'tauni sizinkamveka kwenikweni. Tinazimva Loweruka lina tikutsetsereka kupita ku Nkhata Bay kukagula nsomba. Amene amaudziwa msewu umenewo akudziwa makona ake. Kona yakumanja, gubudu kumanzere. Kona yakumanzere, gubudu kumanja. Mphwanga akaponda mabuleki, gubudu kumsana kwa mpando. Pofika pa Mpamba, chigubu cha madzi chinali chitaphwanyika, kapeti yense ali nyowe, ndipo waya wa getsi la mabuleki lakumanzere anali ataduka pamene sipeya inkamenyapo. Tinabwerera ndi getsi limodzi osadziwa, mpaka woyendetsa minibasi wina anatikuwira pa Katoto. Waya tinalumikiza, koma sipeya tinangoipachikiza ndi bulangete lakale n'kumati basi yakhazikika.

Ndiye kunagwa maliro a msuweni wanga kumudzi, cha ku Nkhamenya. Pa akuluakulu amene tatsala kubanja, woyankhula m'malo mwa mbumba ndinali ine. Tinanyamuka 4 koloko m'mawa kuti tikafike mwambo usanayambe. Amene anadutsapo ku Chikangawa m'mwezi wa June nthawi ngati imeneyo akudziwa chifunga chake, chija choti magetsi amangowalitsa utsi woyera, msewu osauona. Ndimchitire umboni mphwanga, sankathamanga. Titayenda makilomita pafupifupi 60, pakona ina panatulukira lole ya matabwa itadya mbali yathu. Iye anapatukira kumanzere, ndipo tayala lakutsogolo linagwera m'dzenje lodzaza madzi. Tinamva phoo, kenaka chiwongolero chinayamba kukokera kutchire.

Matayala a galimotoyi analembedwa 225/45 R18. Nambala 45 ija ikutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi lalifupi, masentimita 10 okha kuchokera pa rimu kufika pansi, ndipo likanyamula galimoto limatsalanso pang'ono. Pa phula losalala n'zabwino, galimoto imagwira kona ngati yamatidwa. Koma ikagwera m'dzenje, mphira umapanika pakati pa rimu ndi mlomo wa dzenje n'kuchekeka ngati wadutsapo lumo. Lathu linang'ambika moti zala ziwiri zinkalowa.

Ine sindinadandaule. Kunena zoona mumtima ndinakondwa pang'ono, poti tsiku loti mnyamata aone nzeru za malume ake linali litakwana. Tinayala matrayango, n'kuwonjezera nthambi kutali ndithu chifukwa cha chifunga. Vuto loyamba linali jeki. Galimoto yogwandira kale, tayala likaphwa imakhaliratu pansi, jeki osalowa. Mwamwayi ku Chikangawa zigwagwa sizisowa. Tinatola ziwiri, china tinakwezapo tayala lakuphwalo kuti pansi patseguke, china tinayala kunsi kwa jeki kuti isamire m'dothi lonyowa. Manati tinayamba tawamasula galimoto ili pansi, kenaka kukweza, kuchotsa. Zonsezi ndinkachita ndikufotokoza ngati mphunzitsi.

Ndinanyamula sipeya, n'kulowetsa. Mabawuti asanu onse analowa m'mabowo awo bwinobwino. Kukankha kuti ifike, inaima. Ndinaitembenuza, kukankhanso, ayi ndithu. Pakati pa rimu ndi habu, chitsulo chimene tayala limamangidwapo, panatsala mpata woonekeratu ndi tochi ya foni. Ndinagwada m'matope ndi suti yanga ya maliro n'kusuzumira, ndipo m'pamene ndinaona chimene sindinayeze tsiku logula lija: bowo lalikulu lapakati. Pa habu pamakhala mlomo wozungulira umene umayenera kulowa m'bowo limenelo, ndipo ndi umene umakhazika tayala pakatikati. Pambuyo pake makaniko wina anandiyezera ndi kachipangizo kake n'kundionetsa manambala. Altezza ndi RX-8 zonse mabawuti ake asanu ali pa mzere wozungulira wa mamilimita 114.3, n'chifukwa chake kapepala kanga kanagwirizana. Koma bowo lapakati la Toyota imeneyo ndi mamilimita 60.1, pamene mlomo wa Mazda ndi 67.1. Mamilimita 7 okha, osakwana n'chikhadabo chomwe, ndi amene anandimanitsa maliro a msuweni wanga.

Kukucha, panaima lole ina yopita ku Mzuzu. Dalaivala wake, munthu waulemu, anatsika n'kutipatsa moni, "Monire, adada." Ataona vutolo, wothandizira wake anati tingomanga manati mwamphamvu ndi paipi, rimu ndi yachitsulo ilowa yokha. Apa pokha nzeru zanga zinabwerera. Rimu yosagona pa habu imangolendewera pa mabawuti. Ukayenda nayo imagwedezeka, manati amamasuka, mabawuti amathyoka limodzilimodzi, ndipo tayala limakupitirira kutsogolo iwe uli pambuyo. Ndinaziona ndi maso anga pa Chiweta zaka zammbuyomo, sindikufuna kuzionanso. Ndinakana. Mphwanga anayesabe mankhwala ake aja pa tayala long'ambikalo, mwina pofuna kuti tonse tichite manyazi mofanana. Anangotulukira pachilonda n'kudontha pansi ngati phala la mwana.

Netiweki pamalopo kunalibe. Mnyamatayo anakwera kachitunda kukasaka, n'kudziwitsa akumudzi. Anati atidikira pang'ono, koma maliro sadikira munthu mpaka kalekale, amfumu ndi abusa ali ndi nthawi yawo. Mphwanga anakweza tayala pa lole ija kubwerera ku Mzuzu, ine n'kutsala kulondera galimoto. Ndinakhala maola asanu ndi awiri pa chigwagwa, mphepo ikulowa m'mafupa, anthu a m'minibasi akusuzumira pawindo kuona mdala wa suti yamatope pambali pa galimoto ya achinyamata. Ku Mzuzu nakonso sizinali zophweka. Matayala a 14 ndi 15 ali paliponse chifukwa ndi a ma Vitz, ma Sienta ndi ma Probox, koma la 18 lopyapyala chonchi anazungulira nalo mashopu mpaka kupeza la kaunjika. Anabwera cha m'ma 1 koloko masana. Kumudzi tinafika anthu atabwerako kumanda, akusamba m'manja kuti adye. Mawu a banja anayankhula mwana wamng'ono kwa ine. Mlongo wanga, mayi wake wa mnyamatayu, sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kufunsa chapansipansi kuti, "Achimwene, ndi ukatswiri wanu wonse uja?"

Titabwerako ndinaugwira mtima n'kuchita zimene ndinayenera kuchita poyamba, ndipo ndi zimene zandilembetsa kalatayi, chifukwa galimoto zobwera opanda sipeya zachuluka mumzinda muno, osati zothamanga zokha ayi. Tinasaka sipeya yochoka mu Mazda inzake, ndipo ndinakana kulipira mpaka titaimanga pa galimoto pomwepo, wogulitsa akuona. Tinaiyesa kutsogolo, tinaiyesa kumbuyo. Kutsogolo n'kofunika kwambiri chifukwa galimoto zothamanga zimakhala ndi mabuleki akuluakulu, ndipo rimu yaing'ono imatha kulowa bwino pa habu koma n'kukhula chitsulo cha mabuleki. Yoyamba imene anatipatsa inachita zomwezo, tinaibweza. Yachiwiri tinaizungulitsa ndi manja galimoto ili pa jeki, sinakhudze paliponse, ndipo titaiimika pambali pa tayala lenileni kutalika kwake kunali kofananako.

Mabowo asanu si amodzi, anzanga. A Premio, Allion ndi Toyota 86 ndi asanu, koma ali pa mamilimita 100, sangalowe pamene pakufunika 114.3. A Nissan ndi Honda ambiri ali pa 114.3 koma mabowo apakati ndi 66.1 ndi 64.1. Ngakhale manati amasiyana: a Nissan ndi Subaru mazinga ake ndi othinana kuposa a Toyota ndi Mazda, ukakakamiza umaononga bawuti. Ine malole anandizolowetsa kuti sipeya ndi sipeya, chifukwa pakampani galimoto zonse zinali za mtundu umodzi.

Kasipeya kowondaka kali ndi malamulo ake amene analembedwa pa thupi pake, kungoti sitiwerenga. Kamafuna mpweya wa 420 kPa, kapena kuti 60 psi pa geji za pa filing'i siteshoni, pafupifupi kawiri mpweya wa tayala wamba. Mnyamata wopopa akangoika 30 monga anazolowera, ndiye kuti kali theka. Liwiro lake ndi losapitirira makilomita 80 pa ola, ndipo ndi kongokufikitsa kwa omata matayala, osati kopita nako ku Karonga n'kubwerako, ngakhale ndimaona anthu akuyenda nako mwezi wathunthu m'tauni muno. Pambali pake palinso manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene kanapangidwa. 2312 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2012. Mphira umakalamba ngakhale usanapondepo pansi, choncho kakayamba ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe, musakadalire.

Palinso china chimene ndinaphunzira kwa makaniko uja, ine ndi imvi zangazi. Galimoto ya mphwanga imakoka ndi matayala akumbuyo, ndipo difu yake ndi ya mtundu umene umakaniza tayala limodzi kuzungulira mosiyana kwambiri ndi linzake. Ukaika kasipeya kocheperako mbali imodzi kumbuyo, kamazungulira mofulumira kuposa linzake ulendo wonse, difu n'kumalimbana nako mpaka kutentha. Choncho likaphwa lakumbuyo, ntchito imakhala iwiri: kasipeya kapite kutsogolo, labwino lakutsogolo libwere kumbuyo. Kwa ife n'zotheka chifukwa matayala onse anayi ndi ofanana. Pali galimoto zina zothamanga zimene akumbuyo ndi otambalala kuposa akutsogolo. Eni ake aone buku la galimoto yawo, ngakhale likhale la Chijapani, zithunzi zake zimamveka.

Tsono kumangirira. Pano ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ambiri timaona ngati phokoso lokha ndiye vuto. Galimoto ikagunda chinthu ili pa makilomita 50 pa ola, chilichonse chosamangirira chimapitiriza ulendo pa liwiro lomwelo, ndipo kumenya kwake n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamtunda wa mamita 10. Taganizani munthu akuponyereni tayala ndi rimu yake kuchokera pamwamba pa mtengo wa bulugamu. Chotchinga pakati pa buti ndi anthu ndi mpando chabe. M'galimoto zopanda buti yapadera, monga ma Fit ndi ma Vitz, pamwamba pa mpandowo n'potsegukiratu. Bulangete lathu lija linkangobisa phokoso. Malegeni nawo, ngakhale ndimawalemekeza poti amanga dziko lino pa njinga za makala, amatamuka, ndipo chotamuka sichigwira chitsulo pangozi.

Tinapita kwa wowotcherera wina ku Luwinga. Iye ankafuna kungoboola pansi pa buti n'kulowetsa bawuti, koma ndinamuuza ayambe wagona pansi pa galimoto aone zimene zili kuseri kwa lata. Kumeneko kumadutsa mawaya ndi mapaipi, sailensa ili pafupi, ndipo pa galimoto zina thanki ya mafuta imakhala pomwepo. Latalo palokha ndi lopyapyala, bawuti wopanda chomugwiriza amang'amba n'kutuluka. Atasuzumira anasintha maganizo. Anapanga chitsulo chopingasa, chowotcherera ali nacho pabwalo osati m'galimoto, n'kuchimanga pa malo olimba a thupi la galimoto pamene panali kale mabawuti. Pakati pake anaikapo bawuti wonenepa woloza kumwamba. Sipeya imalowa pamenepo, pamwamba n'kubwera mbale yachitsulo yotambalala kuposa bowo, kenaka nati wa mapiko womanga ndi manja, kuti usiku usamasakenso sipanala. Kunsi tinayala chidutswa cha chubu kuti zitsulo zisamadyane. Ine ndinawonjezera lamba wamng'ono wa mtundu umene timamangira katundu pa lole, wokoka ndi chogwirira. Valavu tinaisiya poonekera, chifukwa sipeya yovuta kuyeza mpweya palibe amaiyeza. Jeki, wilusipana, kiyi wa manati otsekera ndi zigwagwa zathu ziwiri zija tinazikulunga m'thumba n'kuzimanga pa lamba yemweyo. Poyesa ndinagwira sipeyayo ndi manja awiri n'kuigwedeza: inagwedezeka galimoto yonse, iyo ili nji.

Mtengo wake ndi malo. Buti ya galimotoyi ndi yaing'ono kale, tsopano thumba la chimanga sililowanso, ndipo apongozi, akazi a mphwanga, sanabise kukhumudwa kwawo. Funso lina limene palibe amaliganizira ndi lakuti tayala lakuphwalo likhala pati. Ndi lalikulu kuposa kasipeya, pa bawuti paja silikwana, ndipo limakhala lamatope. Ife timayenda ndi thumba lalikulu lopanda kanthu. Zikadzachitika lidzalowa m'menemo, n'kukhala pampando wakumbuyo litamangidwa lamba ngati munthu. Ngati mipando yadzaza, wina adzakwera minibasi.

Kudzera mwa inu a Mkonzi, ndikupempha amene amaitanitsira anthu galimoto kuti azinena poyera kuti iyi ilibe sipeya, munthu asadzadziwire pa Chiweta. Ogulitsa zipangizo azilola kuyesa tisanalipire, jeki imodzi pashopu siingawasaukitse. Ndipo masukulu ophunzitsa kuyendetsa, amene magalimoto awo amadzaza pa misewu ya ku Katoto m'mawa uliwonse, apatule tsiku limodzi loti wophunzira asinthe tayala ndi manja ake, chifukwa ndakumana ndi ambiri a laisensi yatsopano amene sadziwa n'komwe kuti jeki imagwira pati.

Sipeya yolakwika ija ndinapita nayo kwa amene anandigulitsa, koma anandiyankha kuti katundu akatuluka sabwerera, ndipo mabowo ndinawerenga ndekha. Sindinatsutse. Ikadali kuseri kwa nyumba, yotsamira khola la nkhuku, ndipo mayi akunyumba akuti ndichotse mphirawo, rimu yake apangitse mbaula. Mphwanga akabwera kudzationa amayamba wapita kukaiona, n'kubwera kudzandifunsa mwaulemu wonse kuti, "Malume, tiyese kaye?"

Dalaivala wopuma,
Chibavi, Mzuzu